Dzanja Losapakidwa Pawuda

Kwathu kuno ku Thoothukudi, tauni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, chilichonse chimatha ndi mchere. Zitseko zachitsulo zimachita dzimbiri utoto usanaume bwino, njinga zimalira ngati zili pamaliro, ndipo zithunzi zimene anthu amapachika pakhoma zimasuluka mpaka eni ake kumasowa kuti mwini nyumba ndi uti, mlamu ndi uti. Ine sindidandaula nazo, poti kusuluka kwa zithunziko ndi kumene kumandidyetsa.

Dzina langa ndine Valarmathi. Situdiyo imene ndimagwiramo ntchito ndi ya bambo anga, a Ulaganathan, amene anaitsekula ine ndisanabadwe. Masiku ano iwo anapuma, koma kupuma kwake n'kwa pakamwa chabe. M'mawa uliwonse amakhala pampando wapulasitiki pafupi ndi khomo, kapu ya tiyi m'manja, ntchito n'kumanyoza kompyuta yanga. Akuti kale kujambula kunali luso, pano ndi kungokanda mbewa patebulo.

Ntchito yanga yaikulu, tinene zoona, ndi kuyeretsa anthu. Wofuna chithunzi chofunsira ntchito, wofuna chaukwati, wofuna chopachika pamaliro a amalume ake, onse amayankhula chimodzimodzi: "Muyeretseko pang'ono." Ena sanenanso n'komwe, amadziwa kuti ndichita. Mu pulogalamu yokonzera zithunzi muli kamzere kamene ukakakokera kumanja nkhope imawala, ndipo dzanja langa linazolowera kukakoka mutu usanaganize. Ine mwiniwakene ndine wakuda ndithu, koma zimenezo sizinandiletsepo.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, kunalowa mtsikana atagwira mkono wa nkhalamba ina yaitali, yowonda, maso ake otuwa ngati madzi otsukira mpunga. Nkhalambayo inafumbata kanthu kokulunga m'thaulo la paphewa, ndipo sinalole kuti mtsikanayo akagwire.

"Awa ndi agogo anga, a Pechimuthu," anatero mtsikanayo. "Ine ndine Karpagam. Akuti inu achemwali mumadzutsa zithunzi zakufa."

"Zakufa ayi, zokomoka zokha," ndinamuyankha. "Tiyeni tione."

Agogowo anamasula thaulo pang'onopang'ono. Munali felemu yamatabwa yakuda ndi utsi wa lubani. Chithunzi chake chinali chitasanduka chachikasu chokhachokha, moti munkangooneka mithunzi iwiri, wina wokhala, wina woimirira. Koma chimene chinandikoka maso ndi galasi. Kwathu kuno chithunzi cha womwalira timachidontheza sandanamu pamphumi, phala lachikasu lonunkhira lija. Galasi limeneli linali ndi madontho paliponse: paphewa, pakhutu, ena m'mwamba mopanda munthu.

Karpagam anaona kuti ndikuyang'ana madonthowo. "Amakakamira kuika okha Lachisanu lililonse," anatero motsitsa mawu. "Koma saona pamene pali mphumi. Akachoka ine ndimaika lina pamalo pake."

"Ndikumvatu," anatero agogowo. "Maso ndiwo anatha, makutu alipo."

Anakhala pansi n'kundifotokozera okha. Moyo wawo wonse anagwira ntchito m'minda ya mchere, kukokolola mchere ndi chikhasu chathabwa kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa litafika paliwombo. Kunyezimira kwa mchere kumadya maso, aliyense kuno amadziwa. Diso lamanzere linazima kale. Lamanja adokotala anawauza kuti likutsatira, ndipo palibe mankhwala. Woimirira pachithunzicho anali mkazi wawo, Chellathai, amene anamwalira Karpagam asanabadwe, ndipo chithunzi chake china padziko pano panalibe.

"Sindikufuna zambiri, mwanawe," anatero. "Sabata yamawa ndi tsiku lomukumbukira. Ndikufuna ndimuonenso kamodzi, diso ili lisanatseke sitolo."

Ndinawalonjeza kuti ndiyesetsa. Akutuluka, Karpagam anabwerera yekha ngati waiwala ambulera, n'kundionetsa chithunzi chake pafoni. Chinali choti apereke kwa bambo wina wofunira anthu mabanja.

"Mayi akuti muchiyeretse kwambiri," ananong'ona. "Anthu amabwera kudzandiona, amamwa khofi wathu, amadya timandasi tathu ta vadai, akapita zii. Mayi akuti ndinatengera agogo aakazi." Mmene ananenera mawu omalizawo, munthu ukanati akunena za chifuwa chachikulu.

"Nditumizire, ndichita ndikamaliza cha agogo," ndinatero, osaganizanso kawiri.

Pepala la chithunzicho linali litamatirira kugalasi, choncho sindinalimatule, kuopa kusenda nkhope za eni ake. Ndinapukuta madontho onse ndi kansalu konyowa, mtima ukundiwawa pang'ono chifukwa dontho lililonse linali Lachisanu la munthu, kenako ndinachiika pasikana, makina okopera zithunzi kulowetsa m'kompyuta, ndi galasi lake lomwe.

Anthu amaganiza kuti chithunzi chikasuluka ndiye kuti zonse zathawa. Sizithawa. Zakuda ndi zoyera zimangounjikana pakatikati monga zimachitira mbuzi mvula ikamagwa, ndipo ntchito yanga ndi kuzibalalitsa, chilichonse chibwerere kumalo kwake. Ndinayamba ndi kuchotsa chikasu chija. Kenako ndinakoka mbali ya mdima mpaka tsitsi litada ngati tsitsi, ndi mbali ya kuwala mpaka malaya a mwamuna atayera ngati malaya. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ukakoka mwaphuma zonse zimapsa, munthu amasanduka chikuni.

Pang'onopang'ono anthu aja anayamba kutuluka. Mnyamata wa ndevu zapamlomo zopotana atakhala pampando, chifuwa patsogolo. Kumbuyo kwawo nsalu yojambulidwa chipilala ndi mphika wa maluwa. Pambali pake mkazi wamng'ono ataima, atavala nsalu ya sari yamizeremizere, maluwa oyera kutsitsi, nkhope yowala ndi yosalala ngati dzira. Ndinachotsa mawanga a nkhungu, ndipo pomaliza dzanja langa linakoka kamzere kaja pang'ono chabe, ngati mchere wa m'ndiwo. Nditachisindikiza ndinadziyamikira ndekha, poti bambo sakanandiyamikira.

Atabweranso awiri aja, ndinapereka chithunzicho m'manja mwa a Pechimuthu ndili ndi matama. Anapita nacho pakhomo pamene pali kuwala, n'kuchiyandikiza mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza pepala. Anachiyendetsa uku ndi uku patsogolo pa diso lamanja.

"Uyu ndine," anatero. "Ndevu ndikuziona. Taonani mmene zinalili, anyamata a masiku ano sangazikwanitse." Anasuntha pepalalo pang'ono. "Nanga uyu ndi ndani?"

"Ndi agogo aakazi," anatero Karpagam. "Akongolatu."

"Ine ndikuona sari itaima yokha, pamwamba pake tsitsi. Pakati palibe munthu." Anatembenukira kwa ine. "Mwanawe, wandikwatitsa kwa mwana wa mwini mchere kodi? Chellathai sanali chonchi."

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo ndinali nditathera masiku pachithunzi chimenecho. "Agogo, ine ndabweza zimene zinali papepala. Ndawonjezera pang'ono chabe. Mukafuna ndikuonetsani ndisanawonjezere, ndi chimodzimodzi."

Sanakwiye. Bwenzi zili bwino akanakwiya. Anabwerera pampando n'kuika chithunzicho pamiyendo, ndipo mawu awo anatsika.

"Kumchere kuja, dzuwa likakwera, zonse zimayera. Pansi payera, milu yayera, kumwamba kwayera, maso amalira okha. Akazi ankasenza mchere m'madengu kupita nawo kumulu. Ine ndikatopa ndinkadzutsa mutu kumufunafuna, ndipo sindinkavutika, chifukwa m'munda monsemo munalibe chakuda kuposa iye. Ndikamuona, maso ankapuma. Zoyera zandidya maso moyo wanga wonse, mwanawe. Pano zoyera zonse kwa ine ndi mchere basi."

Ndinachita manyazi. Karpagam ankayang'ana zala za kumapazi kwake.

Apa m'pamene bambo anga, amene nthawi yonseyi anali chete, chinthu chosachitikachitika, anaika kapu pansi n'kunena kuti, "Tabweretsani ndione." Anavala magalasi, n'kuyang'ana osati anthuwo koma nsalu yakumbuyo.

"Chipilala ichi ndi changa," anatero. "Mphika uwu unali ndi chigamba apa, makoswe anaboola. Ndinajambula ndine chithunzi ichi, m'chipinda chomwe chino." Anawayang'ana a Pechimuthu. "Achimwene, mwanayu musamuimbe mlandu. Nkhope imeneyi inalowa m'kamera ili yoyera kale."

Anafotokoza mmene ankagwirira ntchito nthawi imeneyo. Pakona panali kalilole, chipeso ndi chitini chachikulu cha pawuda. Mkazi aliyense asanaime kutsogolo kwa kamera ankamupaka mpaka kuyera mbuu. Akatsuka filimu ankatenganso pensulo yosongoka n'kumadetsa nkhope pafilimupo, chifukwa chakuda pafilimu chimatuluka choyera papepala. Situdiyo iliyonse inkatero, ndipo wosatero sankaona makasitomala.

"Ndiye nkhuyu munadya ndinu, zikupota ine," ndinatero.

"Iwe Valar, usandiyankhule ngati suchita zomwezo ndi mbewa yakoyo," anandibwezera, ndipo sindinathe kutsutsa.

A Pechimuthu anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene wakumbukira chinthu chowawa. "Pawuda uja ndamukumbuka. Chellathai anati, 'Andipaka ufa ngati nsomba yokazinga.' Ndiye ine ndi uchitsiru wanga, pofuna kumusangalatsa, ndinati, 'Lerotu wakongola.' Sanandiyankhule m'basi monse mpaka kunyumba. Ndinadya mpunga wopanda msuzi tsiku limenelo, osadziwa chomwe ndalakwa." Anapukuta diso ndi thaulo. "Chithunzichi sankachiyang'ana. Pamene chinali chatsopano ndinkachiona n'kudzaza ndekha nkhope yake m'mutu. Pano m'mutu namonso mwayamba kusuluka. Ndi chifukwa chake ndinabwera."

Anadzuka kuti azipita, n'kuyamba kufunafuna thaulo lokulungira. Ndinamva chisoni chachikulu, chifukwa munthu ameneyu anabwera kudzafuna mkazi wake ndipo banja lathu linali litamubisa kawiri.

"Pepani achimwene," anatero bambo. "Chimene sichinalowe m'kamera, makina sangachitulutse. Mwayi wake pawuda anali wodula, bwenzi tikupaka munthu thupi lonse. Tinkalekeza m'khosi."

"Mwati munkalekeza pati?" ndinawafunsa.

"M'khosi. Wagontha?"

Ndinabwerera pakompyuta n'kutsekula chithunzi chija. Masiku onse aja ndinkalimbana ndi nkhope, monga ndimachitira nthawi zonse, ndipo kumunsi sindinayang'aneko bwino. Kuseri kwa phewa la mnyamata wa ndevu uja, pamsana pa mpando, panali kanthu kakuda kamene ndinkakayesa mbali ya thabwa. Ndinakakulitsa mpaka kudzaza sikirini yonse, n'kutsegula mthunzi wake pang'ono. Linali dzanja. Zala zazitali, zong'aluka m'mfundo ndi mchere, zibangiri zagalasi pamkono. Pawuda sanafikepo, pensulo sinafikepo.

"Agogo, khalani pansi," ndinatero. "Bwerani pafupi, pafupi kwambiri."

Karpagam anawakokera mpando mpaka mphuno yawo inafika pasikirini. Anayang'ana, kenako anatulutsa mpweya wautali.

"Ili ndi lake," anatero. "Chala chaching'ono ichi chinapindika, dengu linamugwera."

Karpagam anatambasula dzanja lake n'kuliika pambali pa la pasikirini. Kupatula chala chopindikacho, manja awiriwo anali amodzi.

Mu pulogalamu muja muli kachida kotapira mtundu pamalo amodzi kuti ukaupereke pena. Ndinatapa kuda kwa dzanjalo n'kuyamba kutsitsira nkhope kumeneko. Koma nditangotsitsa, nkhope inasanduka chigamba chakuda chopanda moyo, poti pensulo ya bambo inali itasalaza zonse. Apa ndinazindikira chinthu chochititsa manyazi. Zaka zonsezi ndikukonza nkhope za anthu, sindinkadziwa mmene kuwala kumakhalira pankhope yakuda, chonsecho yanga ndimaiona pakalilole tsiku ndi tsiku.

"Nyale inkakhala kumanzere, pamwamba pang'ono," anatero bambo, amene tsopano anali ataima kumbuyo kwanga. Anapita okha kukakoka nyale yathu yapamtengo n'kuiimika pamene inkaima yakale. "Iwe mwana, ima apa. Dzutsa chibwano. Usaseke, agogo ako sankaseka tsiku limenelo."

Karpagam anaima, nyale inayaka, ndipo ndinamuyang'anitsitsa mmene sindinayang'anepo kasitomala aliyense. Kuwala kunakhala pamphumi pake, pamwamba pa tsaya lamanzere, pamsana pa mphuno, ndi kachidutswa pamlomo wam'munsi. Kwina konse kunali mdima wosiyanasiyana, wina wozama, wina wofewa. Sindinatenge nkhope yake kuika pa agogo ake, zimenezo likanakhala bodza lachitatu. Ndinangophunzira kwa iye pamene kuwala kumatera, n'kumafufuza zotsalira zake pansi pa pensulo ya bambo. Zinalipo, zofooka, koma zinalipo. Ndinazidzutsa chimodzichimodzi, kwinaku ndikutsitsa khungu pang'onopang'ono. Nsalu yakumbuyo kwa mutu wake ndinaionjezera kuwala dala kuti nkhope iime payokha.

A Pechimuthu sanachotse mphuno pasikirini. "Onjezera," ankatero. Ndikatsitsa, "Onjezeranso. Ukuopa chiyani? Utoto ukugula ndiwe?"

Bambo anaitanitsa tiyi ndi vadai kwa mnzawo wa pakona, koma zinazizira patebulo. Dzanja langa linkakana, linkafuna kubwerera kumanja kumene linazolowera, ndipo ndinachita kulikakamiza. Ndinatsitsanso kamodzi n'kudikira kuti anene "onjezera". Sananene. Nditawayang'ana, diso lawo linali pakamwa pa mkazi wawo.

"Akadali wokwiya," anatero chapansipansi. "Taonani pakamwapo. Chellathai, zaka zonsezi sunaiwale?"

Nanenso ndinachiona tsopano, chimene pawuda anabisa: nsagwada yolimba ndi maso a mkazi amene wasunga mawu oti akanene akafika kunyumba. Anali wokongola kwambiri, ndipo ndinanena zimenezo mokweza.

"Ukanandiphunzitsa mawu amenewa tsiku lina lililonse kupatula lija," anatero agogowo, ndipo tonse tinaseka, ngakhale bambo anachita kutembenukira kukhoma kukapukuta magalasi.

Makina akusindikiza, Karpagam anabwera pafupi nane. "Achemwali, changa chija munachiyamba?"

"Ayi."

"Muchisiye kaye," anatero. "Mayi akalalata, koma ndikaona mmene ndikayankhulire nawo." Sindinamulangize kanthu, chifukwa amene akamve kulalatako ndi iyeyo, ndipo anthu omwa khofi aja sanasinthe.

Bambo anadula galasi latsopano ndi manja awo, n'kulowetsa chithunzi mu felemu yakale ija. Chakale chosulukacho anachikulunga bwinobwino m'nyuzipepala kuti apite nacho. A Pechimuthu anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kapepala kopindapinda ka sandanamu. Sikunali Lachisanu, koma palibe amene anawakumbutsa. Bambo anadonthezera madzi pachikhatho chawo, iwo n'kusakaniza ndi chala.

Ndinaimika felemu patebulo moyang'ana kukhomo. Karpagam, mwa chizolowezi, anatambasula dzanja kuti awagwire mkono.

"Ndisiye," anatero agogowo. "Ndikumuona."

Chala chawo chinanyamuka, chinadutsa ndevu zija osaima, chinadutsa phewa, n'kukatera pakati penipeni pa mphumi. Dontho lachikasulo linaoneka bwino pankhope yakudayo. Anasiya chala pomwepo kanthawi, ngati munthu amene akuyesa ngati mwana watentha thupi.

"Lino musapukute," anatero.